Chimanga cha mayi chapinimbira chonsecho feteleza tinathira, vuto ndi dothi kapena kaufiti?

mwana_wa_ku_Dowa

Akuluakulu moni nonse pano. Ndili ndi nkhani ya munda wa mayi anga kumudzi, cha ku Mponela kulowera mkati, ine mutu waima nde ndati ndifunse kwa inu odziwa.

Ine ndimakhala ku Lilongwe, malipiro ake ndi ochepa koma chaka chino ndinati mayi asavutikenso, ndinayamba kusunga Ogasiti mpaka ndinagula matumba awiri, la NPK ndi la yuleya, kuphatikizapo mbewu ya haibulidi ya m'sitolo osati yobwezera ayi. Munda wake ndi ekala imodzi ndi kachidutswa. Anabzala ndi mvula ya kumayambiriro kwa Disembala ndipo kumera chinamera bwino zedi, mlongo wanga ananditumizira zithunzi pa WhatsApp ine mtima unakhala m'malo.

Loweruka lapitali ndinapita kukaona, abale anga ndinangoti kakasi. Chimanga chili m'chiuno pomwe cha aneba kungodumpha malire chapitirira mutu ndipo chamasula kale. Chathu mapesi ake owonda ngati bango, masamba a m'munsi achita chikasu kuyambira kunsonga, ena akuuma, nde chodabwitsa nchakuti dzuwa likangowala pang'ono masamba akupotana ngati kuli ng'amba chonsecho mvula inagwa dzulo lake, dothi ndinalifinya m'manja linali lonyowa bwinobwino. M'mizeremo mwadzaza kaufiti, timaluwa tija tofiira psuu, malo ena phando limodzi tazungulira tisanu olo kuposa.

Koma pali malo atatu amene chimanga chili bwino, pachulu, pamene panali khola la mbuzi kalekale bambo ali moyo, ndi pansi pa mtengo wa msangu uli chakumalire. Pamenepo chabiriwira ndithu ndipo kaufiti ngwowerengeka.

Mayi akungoti munda watha mwanangu. Azakhali nawo akuti ili ndi dzanja la munthu poti pali kankhani ka malire ndi banja lina, akuti kodi dzinalo silikunena lokha? Ine zimenezo sindikufuna zikule chifukwa anthu akewo ndi abale athu omwe, maliro timayendera limodzi.

Nde ndithandizeni. Kodi mwina anandigulitsa feteleza wachinyengo? Kaufitiyu amabwera chifukwa chani, ndipo nchifukwa chani wasankha munda wathu kusiya wa aneba? Chaka chino chilipo chomwe tingapulumutse? Mundawu chiyambire ndili mwana timangolimamo chimanga chaka ndi chaka, sindikumbukira utalimidwako china.

wageni_wa_pa_Msundwe

Achimwene pepani kwambiri, ndalama ya feteleza masiku ano si yamasewera. Za chinyengo zilipo ndithu, ine chaka china ndinagula thumba kwa venda wina pa msika, pamwamba feteleza weniweni koma pansi theka lonse mchenga wa kumtsinje. Ngati kwatsalako yuleya olo wodzaza dzanja muuzeni mlongo wanu aike m'kapu ya madzi avundule. Weniweni amasungunuka yense osasiya kanthu pansi ndipo kapuyo imazizira ukaigwira, ngati yachokera mufiriji. Akatsala matope kapena timiyala pansi mudziwe kuti anakuberani. NPK yekha ndi amene amasiyako zotsalira pang'ono olo akhale weniweni nde musamuyese choncho mungamunamizire. Za kaufiti ndisiyire akuluakulu, kwathu timangozula basi.

mlangizi_wopuma

Mwana wanga zikomo pofotokoza bwino chonchi, ambiri amangoti chimanga sichikukula basi osanena zomwe aona. Ndagwira ntchito ya ulangizi zaka zambiri m'chigawo chapakati chomwechi ndipo munda ngati wa mayi anuwo ndauona kambirimbiri.

Yankho mwalinena nokha pamene mwati pachulu, pakhola ndi pansi pa msangu chili bwino. Mbewu yomweyo, mvula yomweyo, wopalira yemweyo, chasiyana ndi dothi. Azakhali muwafunse mwaulemu kuti munthu woipa mtimayo analambalala bwanji pakhola la mbuzi. Feteleza muyeseni monga akunenera achimwene pamwambapa, sizoipa, koma olo atapezeka weniweni musadabwe, kaufiti wochuluka choncho payekha amatha kugwetsa munda wothira bwino.

Kaufiti si udzu wamba wolimbirana chakudya ndi chimanga ngati chisoso kapena bonongwe. Iyeyu ndi woyamwa, ngati nkhupakupa pa ng'ombe. M'mabuku amamutcha Striga, wathu wamfupi wa maluwa ofiirayu ndi Striga asiatica, ku Kenya ndi maiko a kuzambwe kwa Africa amavutika ndi mkulu wake wamtali wa maluwa apinki. Njere zake ndi zazing'ono ngati fodya wopera, simungaziwerenge ndi maso, ndipo kamtengo kamodzi kamene mukukaona konyozekako kamatha kutaya njere masauzande makumimakumi. Njerezo zimagona m'dothi zaka khumi ngakhale kuposa zili zamoyo. Nde taganizani munda umene walimidwa chimanga chokhachokha kuyambira muli mwana, chaka chilichonse kaufiti akuchita maluwa nkutaya njere, pansipo pali nkhokwe yodzaza.

Tsono apa mumvetse bwino chifukwa mpamene pagona nkhani. Njere ya kaufiti simera ndi mvula yokha ayi. Mvula imangoifewetsa, kenako imadikira kuti imve timadzi tina timene mizu ya chimanga imatulutsa m'dothi. Mapira, mawere, mpunga wa kumtunda ndi nzimbe nazonso zimatulutsa. Ikangomva imamera, kamuzu kake kamalunjika pa muzu wa chimanga nkuboola, nkulumikizana ndi njira zodutsa madzi ndi chakudya. Ikapanda kupeza muzu m'masiku ochepa imafa poti njereyo ilibe kamba wokwanira. Ikaupeza imakhala pansi pomwepo mwezi wathunthu olo kuposerapo ikuyamwa isanatulukire kunja. Nchifukwa chake chimanga chimalefuka ndi kupota masamba dothi lili lonyowa, mlimi nkumayang'ana osaona chomwe chikuchidya. Makolo athu potcha dzinali sanalakwitse kuona, chimanga chimaonekadi ngati chalodzedwa, koma wolodzayo ali kumizu. Pamene duwa likuoneka ntchito yaikulu anagwira kale.

Nanga bwanji amakonda munda wotopa? Chimanga chikamamva njala, makamaka ya fosifolasi ndi naitirojeni, chimatulutsa timadzi tija tambiri. Cholinga chake sikuitana kaufiti, chimaitana tinkhungu tabwino ta m'dothi timene timamatirira kumizu nkumathandiza kukoka fosifolasi patali. Kaufiti amangomvera nawo uthengawo nkufika. Chimanga chokhuta sichiitana kwambiri, komanso chimakula msanga nkuphimba pansi ndi mthunzi, kaufiti sakondwa ndi mthunzi ndi chinyezi. Ndi zimene mwaona pakhola paja. Aneba anuwo mukawafunse, ndikukhulupirira mupeza kuti mwina amathira manyowa kapena amasinthako ndi mtedza, soya olo fodya.

Chaka chino ndisakunamizeni, chimanga chomwe chapinimbira pofika Febuluwale sichibwereranso, mukolola zochepa. Musatayenso ndalama kugula yuleya wina. Ntchito ya panopa ndi kuteteza zaka zikubwerazi. Zulani kaufiti yense asanakhwimitse njere, sabata ino osati yamawa, poti akachita maluwa njere sizichedwa. Musamusiye pamzere ngati mmene timachitira ndi udzu popalira, wozulidwa ali ndi maluwa amatha kumalizitsa njere ali chigonere pomwepo. Muikeni m'thumba, mukatulutse kunja kwa munda, aume pa dzenje limodzi nkumutentha. Osaponya m'khola, osaika mu kompositi. Pakatha masabata awiri mubwererenso chifukwa satuluka tsiku limodzi, ndipo mupitirize ngakhale chimanga chitauma, anthu ambiri amalekera pomwe asiya kupalira nde kaufiti wa m'Malichi ndi Epulo ndi amene amadzaza nkhokwe ija.

Chaka chamawa mbali yomwe yagwidwa kwambiri isaonenso chimanga. Muikemo soya, mtedza, thonje kapena mpendadzuwa. Mbewu zimenezi mizu yake imatulutsanso timadzi todzutsa njere za kaufiti wa chimangayu koma iye sangathe kuyamwapo, nde amamera nkufa ndi njala. Chaka chimodzi sichimaliza nkhokwe yonse, koma mukasinthasintha zaka zingapo uku mukuzula otsalawo muona kusintha.

mayi_wa_nandolo_Zomba

Bambo alangizi anena zoona zokhazokha. Ine ndingoonjezera zomwe ndinachita pa munda wanga poti unafika pomwepo, kaufiti mpaka anthu odutsa ankati ndabzala maluwa.

Kuno kummwera minda ndi yaing'ono nde sitingasiye malo agone, ine ndinaphatikiza mtedza ndi nandolo munda umodzi. Mtedza pamzere mwa nthawi zonse, wa mtundu wa CG7 ndinkabzala motalikana masentimita 15, kenako nandolo pamzere womwewo phando lililonse masentimita 90, njere zitatu. Nandolo amayamba mwaulesi nde salimbana ndi mtedza, pomwe mukukumba mtedza iye mpamene akuyamba kutambasuka, amakhala m'munda mpaka chilimwe akugwetsa masamba, pansi pamachita kuti bii ngati mwayala mphasa. Masamba amenewo osatentha chonde, ndi masangwi a mtedza omwe, kwirirani m'mizere. Muzu wa nandolo umapita pansi kwambiri, umaboola chidothi cholimba chija chimakhala pansi pa mizere pomwe khasu limalekezera chaka ndi chaka. Chaka chotsatira ndinabzala chimanga ndi feteleza wochepa kuposa kale koma mapesi ake anali ena, ndipo dothi ukaponda limamveka lofewa.

Mukafuna kudziwa ngati mtedza kapena soya akugwiradi ntchito yokonza nthaka, zulani umodzi ukamachita maluwa muone timibulu ta kumizu, mudule kamodzi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiirira ngati nyama ndiye kuti tizilombo tabwino tokhala m'timibuluto tikukoka naitirojeni wa mumpweya, mukakhala moyera kapena mobiriwira palibe chikuchitika. Soya makamaka amafuna inokulanti ngati mundawo sunalimidwepo soya, ndi kapaketi ka tizilombo tomweto kochepa mtengo, mumasakaniza ndi mbewu pamthunzi nkubzala tsiku lomwelo.

Zochenjeza ziwiri. Kwanu ku Dowa mbuzi amazimasula anthu akangokolola chimanga, nandolo amakhala adakali m'munda nde mbuzi zimamaliza, anzanga a ku Ntchisi anadandaula zomwezo. Mukambirane ndi amfumu kapena musankhe nandolo wocha msanga, kapena muyambe ndi soya ndi mtedza basi. Chachiwiri kuli kaufiti wina wa maluwa achikasu, ameneyo sagwira chimanga koma khobwe, mtedza ndi soya amayamwa. Mukamuona nayenso zulani msanga, musati poti si wofiira ndi wabwino.

mwana_wa_ku_Dowa

Zikomo kwambiri nonse, bambo alangizi ndawerenga kawiri. Mlongo wanga wayesa yuleya wotsala uja wasungunuka yense ndipo kapu inaziziradi, nde feteleza analibe mlandu. Koma pofunsitsa ndamva zina zomwe sindimadziwa. NPK anathira patatha pafupifupi mwezi chimerereni chifukwa thumba linachedwa kufika, ine ndinadikira galimoto ya mnzanga kuti ndisalipire thiransipoti, ndipo pothira anangoika pamwamba pambali pa phesi osakwirira poti anali awiri okha ndi mlongo wanga. Yuleya anathira mu Januwale sabata ija kunali dzuwa, nayenso pamwamba. Aneba aja ndafunsa, chaka chatha munali soya, ndipo ali ndi nkhumba.

Vuto langa ndi ili, mayi kuwauza kuti chaka chamawa asabzale chimanga sangamve, ayankha kuti tidya soya? Ndipo sindingawatsutse poti nsima yawo imachokera momwemo. Komanso ena kuntchito akundiuza za manyowa a Mbeya kuti thumba limodzi la feteleza limabala matumba asanu, kodi zimenezi nzoona? Chifukwa ngati zili choncho bola ndizingopanga zimenezo.

wophunzira_ku_Bunda

Achimwene apo mwapeza theka lina la vuto. Ine ndikadali pasukulu koma izi ndi zomwe timachita kumunda wa sukulu komanso kwathu.

NPK timamutcha wokulitsa pa chifukwa. Thumba lomwe lili pamsika pano lambiri limalembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn, kale linali 23:21:0+4S. Nambala yapakatiyo ndi fosifolasi, ndipo chimanga chimamufuna masabata oyambirira penipeni pomwe chikupanga mizu. Fosifolasi sayenda m'dothi, pomwe mwamuika amakhala pomwepo, nde mukamuika pamwamba patatha mwezi mizu simupeza bwino ndipo nthawi yake yadutsa. Mwezi woyamba umenewo chimanga cha mayi chinali ndi njala, ndipo monga afotokozera bambo alangizi njala imeneyo ndi imene inadzutsa kaufiti. Wokulitsa azilowa pobzala kapena chikangomera sabata isanathe, mubowole kadzenje pakati pa mapando, kuya ngati chala, muthire nkukwirira.

Yuleya ndi 46 peresenti naitirojeni, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 chakudya chenicheni ndi makilogalamu 23. Akakhala pamwamba pa dothi kunja kukutentha gawo lina limasanduka mpweya wa amoniya nkuuluka, fungo lija limamveka ngati mkodzo m'munda ndi ndalama zanu zikupita. Azithiridwa patatha masabata atatu kapena anayi chimerereni, dothi lili lonyowa, nkukwirira. Kukakhala ng'amba ngati ija ya El Niño mu 2024, yomwe boma linafika polengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, bola kudikira mvula kusiyana nkuthira pa dothi louma. M'dothi lamchenga ndi bwino kumugawa kawiri poti mvula yambiri imamutsitsa pansi pomwe mizu sifika.

Masamba amanena okha chomwe chikusowa. Chikasu choyambira kunsonga kutsata mtsempha wapakati pa masamba a m'munsi, ngati chomwe mwaonacho, ndi naitirojeni. Chimanga chaching'ono chikachita mtundu wapepo m'mbali mwa masamba ndi fosifolasi. Masamba a m'munsi akapserera m'mphepete ndi potaziyamu. Chikasu chikakhala pa masamba atsopano akumwamba ganizirani salufa, mizere yoyererako pa masamba ang'ono ganizirani zinki. Chinanso minda yakale ya katondo yomwe yadya feteleza zaka zambiri popanda manyowa imayamba kuwawasa, pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ikatsika pansi pa 5.5 fosifolasi amamangidwa ndi dothi nde olo muthire bwanji chimanga chimangolawako. Izi sizioneka ndi maso, dothi limayezedwa, ku Chitedze pa msewu wa ku Mchinji amayeza, ku Bvumbwe amayezanso. Alangizi a ku EPA yanu (ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu) angakuuzeni katengedwe kake, mumatapa malo angapo m'munda nkusakaniza. Likapezeka lowawasa mankhwala ake ndi laimu, ndipo amathiridwa mvula isanayambe.

Za Mbeya ndinene mosabisa. Anthu amatenga makilogalamu 10 a feteleza nkusakaniza ndi ndowe, gaga, phulusa ndi madzi pang'ono, nkumanga m'thumba la pulasitiki mkati masiku 21. Thumba limadzadi koma naitirojeni wa feteleza uja sanaswane, makilogalamu 10 a yuleya ndi makilogalamu 4.6 a naitirojeni basi, kuonjezerapo wochepa wa mu ndowe ndi gaga. Komanso phulusa likakumana ndi yuleya ponyowa limathandizira amoniya kuthawa, nchifukwa chake pomasula thumba fungo limalasa m'maso. Nde musawerengere kuti muli ndi matumba asanu a feteleza, muli ndi limodzi lomwe lija ndi manyowa.

mlimi_wa_Mbeya_Kasungu

Aphunzitsi a ku Bunda masamu anuwo sindikutsutsa koma ine Mbeya ndapanga zaka zinayi tsopano ndipo sindisiya. Munda wanga ndi wamchenga, kale ndikathira feteleza woyera yekha mvula ikagwa yamphamvu kawiri basi chimanga chayera, pano chimakhala chobiriwira mpaka kumasula ndipo ng'amba ya sabata ziwiri chimapirira pomwe cha anzanga chapota. Mwina si naitirojeni wochuluka koma ndowe ndi gaga zija zikugwira chinyezi, kaya, inu mukudziwa bwino. Chomwe ndimauza anthu nchakuti Mbeya sumathira ndi kachitsekerero ka botolo ngati feteleza wa m'sitolo, umathira wochuluka pa phando, amene amanyenyeka ndi amene amabwera kudzati sagwira ntchito. Kwa munthu amene thumba limodzi ndi lomwe angakwanitse, nanga atani? Achimwene a ku Dowa ngati mayi ali ndi mbuzi olo nkhuku yambani kusonkhanitsa zitosi panopa pamthunzi, osadikira Okutobala.

wa_ku_Chipata

Kuno ku Eastern Province ya Zambia vuto ndi lomweli, kaufiti timamudziwa bwino. Ine ndagwira pa msangu mwatchulawo. Mtengo umenewo musadule olo munthu akupatseni ndalama ya makala. Umachita zosemphana ndi mitengo ina, dzinja umayoyola masamba onse nde chimanga chapansi chimalandira dzuwa ndi manyowa nthawi imodzi, chilimwe mpamene umaphuka nkupereka mthunzi ndi nyemba zake zomwe mbuzi ndi ng'ombe zimakonda. Kuno a bungwe la Conservation Farming Unit ankatilimbikitsa kubzala motalikana mamita 10 mbali zonse, mitengo 100 pa hekitala. Umachedwa, zaka zoyamba umangooneka ngati kaminga kosafunika ndipo olima ganyu amaudula osadziwa, nde muzikhomapo kachikhomo. Yang'anani pansi pa waukuluwo ndi malo ozungulira mupeza timisangu tomera tokha, timeneto ndi tosavuta kusamala kusiyana ndi kuokera poti muzu wake umathamangira pansi msanga sufuna kusunthidwa.

mlangizi_wopuma

Mwana wa ku Bunda ndi bambo a ku Kasungu nonse mukunena zoona, mukungoyang'ana mbali ziwiri za thumba limodzi. Mbeya sachulukitsa feteleza, koma munda ngati uwu chomwe ukusowa kwambiri ndi manyowa omwewo, nde ine sindingaletse. Ndingoti wokulitsa wa m'sitolo asasowe pobzala.

Za mayi, musawauze kuti asiye chimanga, simupambana ndipo akunena zoona. Dulani mundawo patatu. Chigawo chomwe kaufiti wachuluka kwambiri chiyambe ndi soya kapena mtedza. Zigawo ziwiri zotsalazo chimanga, ndipo matumba awiri omwe munamwaza pa ekala ndi kachidutswa aja mukawaunjika pa malo ochepawa, pa nthawi yake, mokwirira, pamodzi ndi manyowa, mudzapeza kuti nkhokwe sinachepe. Chaka chinacho soya asunthire chigawo chachiwiri, choncho choncho kuzungulira. Soya ndi mtedza mukagulitsa ndi ndalama ya feteleza yomweyo, inu kutauni mupumeko.

Mizere italikane masentimita 75, phando lililonse masentimita 25 njere imodzi, kabzalidwe kaja anthu amati Sasakawa, chimanga chimatseka pansi msanga. Bzalani ndi mvula yoyamba yeniyeni yonyowetsa dothi, osati chizimalupsa. Feteleza afike kumudzi Okutobala, thiransipoti yomwe munapulumutsa ija yakudyerani matumba angapo a chimanga. Mapesi chaka chino musatenthe ndipo anyamata osaka mbewa muwaletse, moto ndi wa kaufiti wozulidwa yekha. Khasu lochokera kuchigawo chodwala muzilichotsa dothi musanalowe nalo kwina, njere zija zimayenda ndi dothi, ndi madzi othamanga, ndi mapazi a ziweto, nde ngati mundawo uli potsetsereka ikani ngonyeka m'mizere madzi asamasesere kumunsi.

Mukapita kukazula mutenge khasu mukumbe phando limodzi lodwala lonse ndi dothi lake, osazula ndi dzanja mungadule. Muviike m'ndowa ya madzi dothi lisungunuke lokha pang'onopang'ono. Muitane azakhali aone.

mwana_wa_ku_Dowa

Ndabwerako dzulo usiku. Tinazula Loweruka ndi Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, ine, mlongo wanga ndi ana awiri a azakhali, matumba a feteleza adzaza atatu ndi theka ndipo sitinamalize, mlongo wanga apitiriza mkati mwa sabata. Msana ukuwawa poti kanthu kake nkakafupi umachita kuwerama mpaka pansi.

Phando lija tinakumba ndipo tinatsuka m'ndowa monga munanenera bambo. Kunja kunkaoneka kaufiti atatu okha koma kumizu tinawerenga ena khumi ndi mmodzi oyera ngati nsonga za katsitsumzukwa omwe anali asanatuluke, aliyense wamata pa muzu wa chimanga ndi kachotupa kakang'ono, ukakoka muzu wa chimanga umabwera nawo. Mayi anagwira pakamwa. Azakhali anayang'anitsitsa nthawi yaitali, anatenga muzu umodzi nkupita nawo kukaonetsa amuna awo, za malire sanatchulenso tsiku limenelo.

Mayi avomera soya koma akuti chigawo cha kumunsi chokha, ndipo mtedza akufuna Chalimbana wawo yemwe anazolowera osati wina. Timisangu tapeza tinayi, takhomapo zikhomo. Bambo a ku Kasungu, zitosi za mbuzi zosonkhanitsa panopa mpaka Okutobala sizitha mphamvu? Tizisunge m'dzenje kapena m'matumba?